Pikapu Yoyesedwa Ngati Mpando

1. Madesiki atha, chonyamulira palibe

Madesiki anali atatha. Anali atasanjikizidwa mpaka kudenga la shopu, ndipo fungo la vanishi linkamveka mpaka kumsewu. Chotsala chinali kukawatula kusukulu yatsopano ya kuseri kwa phiri. Ahedi a sukuluyo ananena mosapita m'mbali kuti madesiki afike ana asanatsegulire Lolemba. Akapanda kufika, ntchito yotsatira, ya matebulo ndi makabati, ipita kwa kalipentala wina.

Tsono linali Loweruka, ndipo kalipentala mwini shopuyo sankatha kuyenda. Thabwa lolemera linawagwera, mwendo n'kuikidwa m'chikhakha. Ntchito yonse yofuna miyendo inagwera mwana wawo yekhayo, Kamsomali.

Dzina limeneli anamupatsa ndi bambo akewo, chifukwa anali mtsikana wochepa thupi ndipo akalowa penapake kumuzula kunali kovuta. Anali atamaliza sekondale. Ankadziwa kupala thabwa, ndipo pabanja ponsepo ndi iye yekha amene anali ndi laisensi yoyendetsera galimoto.

Bambo ake anali atatopa ndi galimoto zahayala, zobwera mochedwa n'kumathyola miyendo ya mipando. Anaganiza zogula pikapu yakale. Ndalama zimene shopu inasunga zinali zokwana kugula kamodzi kokha. Zikatuluka, sipatsala ngakhale zolipirira hayala.

M'mawa umenewo bambo ake anamukhazika Kamsomali pa benchi.

"Tamvera kuno, mwana wanga," anatero. "Ine za injini sindizidziwa, ndipo sindikufuna kunama. Koma chinthu chakale ndimachidziwa. Munthu akakubweretsera kabati yonyezimira, usayang'ane chitseko. Uitembenuze, uone kumbuyo. Penti ndi bodza lotsika mtengo kwambiri padziko pano. Ugogode paliponse. Pamene pakulira bwino ndi pabwino, pamene pakulira ngati wagogoda dothi pali chimene akwirira. Zaka zisakuopse. Pali matabwa akale olimba kuposa odulidwa dzulo. Funso ndi limodzi basi: kodi chinthucho chingathe kusenza? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Pakona panamveka kukhosomola. Anali amalume a Kamsomali, mlongo wawo wa malemu mayi ake, atakhala pa mpando watsopano. Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo pashopupo. Anali munthu wa thupi lalikulu, ndipo mpando uliwonse usanagulitsidwe ankayamba aukhalira n'kudzigwedeza uku ndi uku. Ukapanda kulira, unali utakhoza. Kale anayendapo m'malole. Kaya ankayendetsa kaya ankangomanga katundu, palibe ankadziwa bwino. Laisensi yawo ankati inasowa.

"Alamu, galimoto si kabati," anatero amalume. "Iwe Kamsomali, tcheru kuno. Kuseri kwa chiwongolero kuli kawotchi kowerenga mtunda wonse umene galimoto yayenda chibadwire. Kameneko sikanama. Injini ili ngati mtima wa munthu, kugunda kwake kuli ndi malire. Ikayenda kwambiri imayamba kumwa oyilo ngati chidakwa. M'mawa kutsokomola, masana kusuta, madzulo kugona pamsewu. Ukaona nambala yaikulu usafunse kanthu. Usakhale pansi, usalandire ngakhale madzi akumwa. Tembenuka uzibwera. Ogulitsa galimoto pakamwa pawo ndi pa shuga. Ine ndawaona ambiri, ndipo palibe amene anandipusitsapo."

Kamsomali anayang'ana uku, anayang'ana uko.

"Ndiye ndimvere ziti? Ababa akuti zaka si nkhani, inu mukuti zaka ndiye nkhani."

"Zonse," anayankha onse awiri pamodzi.

2. Kwa Magalasi

Pikapu yogulitsayo inali kuseri kwa malo omatira matayala. Kamsomali anapita ndi amalume. Wogulitsa anali bambo wa malaya osita bwino amene anthu ankamutcha Magalasi, chifukwa magalasi ake akuda sankavula ngakhale pamthunzi.

"Takulandirani, madala. Takulandirani, sisi. Nayu mkwatibwi wanu."

Galimotoyo inali yoyera, yotsukidwa kumene, madzi akudonthabe. Kamsomali anaizungulira akugogoda. Zitseko zinalira bwino. Anagwada n'kusuzumira kunsi. Anaona zitsulo ndi mapaipi, koma sanadziwe chimene ankayenera kufuna. Kabati akaitembenuza ankadziwa poyang'ana. Apa ayi.

Anatsegula chitseko n'kuwerenga kawotchi kaja. Anawerenganso kachiwiri.

"Amalume, tabwerani muone. Makilomita pafupifupi theka la miliyoni."

Amalume anaimba mluzu. "Tiye kwathu."

Anali atatembenuka kale pamene Magalasi analankhula.

"Madala, kayendedwe kanuko ndi ka munthu wa msewu. Munayendetsapo zikuluzikulu, si choncho?"

Amalume anaima. "Za matayala ambirimbiri."

"Ndinadziwa! Ndiye inu sindingakubisireni kanthu. Nambala imeneyo ndi ya injini yakale. Ija inachotsedwa. Muno muli ina."

"Aaa," anatero amalume, n'kubwerera.

"Inayo yayenda makilomita angati?" anafunsa Kamsomali.

"Ochepa."

"Angati?"

"Sisi, injini ikamabwera sibwera ndi kawotchi kake. Madala akuuzeni."

"N'zoona zimenezo," anavomera amalume.

"Ndiye kawotchika kakunena za chiyani?"

"Za thupi."

"Nanga za injini akunena ndani?"

"Khutu," anatero amalume, akudzigwira khutu. "Khutu la munthu wodziwa. Tailizani, achimwene."

Magalasi anatsegula boneti n'kuliza galimoto. Inalira kamodzi kokha. Amalume anawerama, anatseka maso, anapendeketsa mutu ngati munthu womvera nyimbo ya kwaya.

"Ikuimba," anatero.

Kamsomali anamva phokoso basi. Chimene anaona n'chakuti injiniyo inali yoyera ngati mbale. Panalibe dontho la oyilo kapena fumbi.

"Bwanji mwaitsuka chonchi?"

"Mlendo akamabwera timasesa pakhomo, sisi. Kwanu simusesa?"

Amalume anaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Amalume, paja munati tikaona nambala yaikulu tisafunse kanthu?"

"Ndinanena za nambala ya injini. Iyi ndi nambala ya thupi. Uzimvetsa, iwe."

"Bwanji tiitane makaniko aione?"

Nkhope ya amalume inasintha. "Makaniko wa chiyani ine ndilipo? Ukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anthu?"

Kamsomali analowa m'galimoto kuti aiyese.

3. Kamuvi kogona

Anaiyesa m'misewu yapafupi. Kamsomali anali pa chiwongolero, amalume pakati, Magalasi atapanikizika kuchitseko. Misewuyo inali yosalala, yopanda chitunda. Magiya ankalowa bwino. Mabuleki ankagwira.

Atazungulira kangapo, Kamsomali analoza kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini. Kanali katagona pansi penipeni.

"Aka sikakusuntha."

"Ndiye ubwino wake umenewo," anatero Magalasi. "Sitentha."

"Galimoto imene ndinaphunzirira, kamuvi kankakwera n'kuima pakati."

"Inali ya petulo kapena ya dizilo?"

"Ya petulo."

"Mwaona? Iyi ndi ya dizilo."

Kamsomali anayang'ana amalume. "N'zoona?"

"Iwe ukufuna itenthe?" anafunsa amalume. "Mwana uyu ngodabwitsa. Anzake amadandaula galimoto ikatentha, iye akudandaula kuti yazizira."

Kamsomali sanadziwe ngati wayankhidwa kapena ayi.

"Ndikufuna ababa aione," anatero.

Magalasi anayang'ana foni yake. "Pali bwana wina akubwera masana ano, ndalama zili m'thumba. Koma poti ndakukondani, tiyeni. Tisachedwe."

4. Mayeso a kalipentala

Bambo ake anawapeza atakhala pakhomo pa shopu, mwendo wa chikhakha atausanjika pa thabwa. Anaitanitsa nyundo yawo yamtengo ndi ndodo zoyendera. Anaizungulira pikapu pang'onopang'ono, akugogoda. Anatulutsa tepi n'kuyeza kumbuyo, m'litali ndi m'lifupi.

"Thabwa lalitali lilowa," anatero. "Tsopano kwezani madesiki. Onse."

"Onse, bwana?" anafunsa Magalasi.

"Pano sitigula kanthu kapena kugulitsa kanthu tisanakakhalire."

Anthu a m'mashopu oyandikana nawo anabwera kudzathandiza, telala ndi wometa ndi mayi wogulitsa mapoto. Madesiki anakwezedwa, miyendo m'mwamba, n'kumangidwa ndi zingwe. Pikapu inatsika pang'ono kumbuyo, koma inaima.

"Alamu, kwerani."

Amalume anakwera movutikira, telala akuwakankha kumbuyo. Anakhala pamwamba pa madesiki.

"Dzigwedezeni."

Anadzigwedeza uku ndi uku monga ankachitira pa mipando. Wometa naye anakwera, telala naye, onse n'kumadumphadumpha. Bambo a Kamsomali anatsamira khutu pa chitsulo, maso ali gwa pansi.

"Sinalire," anatero pomaliza. "Msana uli nawo."

Anthu anaomba m'manja. Magalasi anagwira chanza aliyense, ngakhale mayi wa mapoto.

Kamsomali anayandikira bambo ake n'kulankhula motsitsa. "Ababa, koma nanga injini? Akuti anaika ina, koma palibe akudziwa mtunda umene yayenda."

"Za injini wanena ndi malume wako. Ine ndanena za msana."

Kamsomali anapita kwa amalume, amene ankatsika akupuma wefuwefu. "Amalume, muli ndi chitsimikizo ndi injini ija?"

"Bambo ako aiyesa, yakhoza. Ndipo anena okha kuti zaka si nkhani. Ine ndingatsutse mwini ndalama?"

Anabwereranso kwa bambo ake. "Amalume akuti akudalira inu."

"Ine ndikudalira iwo."

"Ndiye amene akudziwa ndani?"

Bambo ake anamuyang'ana.

"Mwana wanga, woyendetsa ndiwe. Ine mwendo ndi uwu, malume wako laisensi inasowa. Ukati tigule, tigula. Ukati ayi, titsitsa madesikiwa, tiyambe kufuna hayala, ndipo Loweruka masana ngati ano sindikudziwa ngati tiipeza. Sindikukukakamiza. Unene ndiwe."

Maso onse anali pa iye. Madesiki anali atamangidwa kale. Foni ya Magalasi inalira, iye n'kuyankha mokweza kuti, "Dikirani pang'ono, bwana, pali ena akuganizira."

Mafunso Kamsomali anali nawo ambiri. Koma funso lililonse limene anafunsa tsiku limenelo linamubweretsera kuseka, osati yankho. Anali atatopa kuoneka mbuli pagulu.

"Tigule," anatero.

Anasainirana mapepala pa benchi yopalira matabwa. Magalasi anapereka makiyi, analonjeza kuti zosintha umwini adzamaliza Lolemba, n'kukwera njinga yamoto osacheuka.

5. Pa chitunda

Poti katundu anali atakwera kale, ananyamuka masana omwewo, Kamsomali ndi amalume. Pamalo osalala pikapu inkathamanga bwino. Amalume anatulutsa chigongono pawindo n'kumaimba.

Atayamba kukwera phiri, galimoto inayamba kulemera. Kamsomali anatsitsa giya. Inakoka pang'ono, kenako inalemeranso. M'kati munayamba kutentha, ndipo kumapazi kunkabwera mpweya wamoto. Kunamveka fungo lachilendo, ngati la poto wouma pamoto.

"Amalume, mukumva fungoli?"

"Kamuvi kakuti chiyani?"

"Kagonabe."

"Ndiye ponda. Ukaima pa chitunda ndi katundu yenseyu sudzanyamukanso."

Anaponda. Injini inayamba kugogoda ngati nyundo pa msomali wopindika. Kenako m'mbali mwa boneti munatuluka nthunzi, yoyera, yochuluka, mpaka msewu osaoneka.

"Ponda, tatsala pang'ono!"

Ulendo uno Kamsomali sanamvere. Anakhotera pambali, anakoka buleki yamanja n'kuzimitsa. Anatsika n'kuika miyala kumatayala. Kamuvi kanali katagonabe pamalo pake.

Amalume anatsegula boneti ndi mpango. Nthunzi inawapemerera kumaso.

"Yamva ludzu basi," anatero. "Tiithire madzi tizipita."

Anatambasula dzanja kuti atsegule chivindikiro cha pothira madzi.

Hutala wamkulu analira kumbuyo kwawo. Lole yopanda katundu inaima, ndipo pawindo panatuluka mutu wa mayi wa imvi, atavala chipewa chofumbira.

"Chotsani dzanja pamenepo, bambo inu! Mukufuna kusiya nkhope pamsewu?"

Amalume anadumphira kumbuyo. Mayiyo anatsika. Anali wamfupi, wa manja akuda ndi girisi.

"Woyendetsa ndani?"

"Ndine, amayi."

"Wazimitsa wekha kapena yazima yokha?"

"Ndazimitsa ndekha."

"Pamenepo pokha wachita zanzeru. Tamvera, mwanawe, ndipo usadzaiwale. Injini ikawira suigwira, suithira madzi ozizira, suiliza. Umaisiya izizire yokha ngakhale ukhale ndi changu chotani. Ukaithira madzi ili chonchi imang'aluka ngati galasi. Ndipo galimoto siyesedwa itaima. Siyesedwanso pamalo osalala ilibe katundu, poti pamenepo ngakhale yakufa imathamanga. Umaisenzetsa, n'kuikweza phiri, n'kuiyendetsa mpaka itenthe. Ikatentha m'pamene imanena zoona. Wogulitsa akakana zimenezo, wakuuza kale yankho. Ndipo ngati sukumvetsa, funsa mpaka umvetse. Akuseke, kuseka sikuthyola fupa. Safunsa anadya phula."

"Koma kamuvi sikanakwere," anatero Kamsomali. "Anati za dizilo zimatero."

Mayiyo anasuzumira mu injini. Anakoka kawaya kamene kanali lendelende, kosalumikizidwa paliponse, n'kumuonetsa.

"Kakwera bwanji atakadula khosi?"

Amalume anakanda mutu. "Ine ndinakayika ndithu," anatero motsitsa.

6. Injini ya ndani?

Mayiyo anazungulira kumbuyo kuti aone katundu. Atafika pa chitseko chakumbuyo anaima. Anapalasa penti ndi chikhadabo pamalo owotcherera, kenako anayang'ana nambala ya galimoto.

"Mwaigula kwa ndani?"

"Kwa Magalasi. Lero lomwe."

"Sindikumudziwa. Koma galimotoyi ndikuidziwa. Inali yanga. Phiri lino yakwera mpaka kutopa. Injini itafa ndinaigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha."

"Anatiuza kuti anaika injini ina," anatero Kamsomali. "Ndiye ananama?"

Mayiyo anabwerera kutsogolo. Nthunzi inali itachepa. Anawerama nthawi yaitali.

"Sananame. Iyi si yanga ija."

"Ndiye ndi yabwino?"

"Sindinatero."

"Ndiye ndi yoipa?"

"Mwina yapsa, mwina yapulumuka. Zimenezo zidziwika ikazizira. Koma tabwera kuno. Kodi madesikiwa mwapanga nokha? Ndiye maso uli nawo. Injini iliyonse ili ndi nambala yake yodinda pachitsulo, pamalo awa. Ukuona chiyani?"

Kamsomali anawerama. Pamalopo panali posalala, ponyezimira kuposa pena paliponse, timizere tating'ono tonse titaloza mbali imodzi. Ntchito yotere ankaidziwa bwino.

"Papalidwa," anatero.

"Eya. Tsono munthu amapala nambala ya injini chifukwa chiyani?"

Amalume anakhala pansi pa mwala.

Mayiyo anapukuta manja m'thalauza. "Ine ndikukatenga njerwa kuseri kwa phiri, ndipo ndilibe katundu. Ngati madesikiwa ndi a sukulu yatsopano ija, ndidutsa pageti pake. Kwezani msanga, sindidikira. Koma pikapuyi isatsale yokha."

"Amalume atsala," anatero Kamsomali. Sanawafunse.

Anamasula zingwe. Atatuwo anasamutsa madesiki limodzilimodzi. Atamaliza, Kamsomali anachotsa makiyi mu pikapu n'kuwaika m'thumba mwake.

"Musaigwire, amalume. Ngakhale kuimvera."

Anakwera mu lole. Itangoyamba kukoka, foni yake inalira. Anali bambo ake.

"Ndi ababa," anatero. "Afunsa ngati yakwera phiri."

Mayiyo analowetsa giya, maso ali pamsewu.

"Madesiki afika lero, zimenezo uwauze. Zinazo uganize msanga, chifukwa pamwamba apo apolisi amaimitsa galimoto, ndipo madzulo amatsika njira yomweyi. Akaipeza pikapuyo atsegula boneti, ndipo nambala yopalidwa kwa iwo ndiye kuti injini ndi yakuba. Pamapepala ogulira paja wasaina ndani?"

Kamsomali anayang'ana foni ikulirabe m'dzanja lake.

"Ndasaina ndine," anatero.